Odi wa Malume m'Chipululu

Okondedwa Mayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kodi bondo lija lasiya kuvuta? Ife kuno tili bwino, ndipo mlongo wanu, malume, ndi amoyo, miyendo yonse ilipo. Ndayamba ndi zimenezi poti ndinalonjeza kudzakubwezerani munthu wanu wathunthu.

Adokotala atanena kuti diso lawo lochitidwa opaleshoni lija lapola, ndinawatenga pagalimoto kukaona mdzukulu wanu kusukulu, kuseri kwa mapiri. Msewu wake ndi wautali, umadutsa m'chipululu, ndipo apaulendo amagona m'matenti m'mbali mwa msewu. Tenti ndinabwereka kwa mnzanga wa kuntchito.

Malo ogona analipo ambirimbiri. Vuto linali malume. Dzuwa litapendeka ndinaimika galimoto patsinde pa thanthwe lotchinga mphepo, koma iwo anakana kutsika. Akuti munthu woleredwa bwino sagona pamalo a eni asanaodire. Ndinawauza kuti kuno mwini malo ndi buluzi. Anayankha kuti ngakhale tchire lili ndi mwini wake, safunsa anadya phula, ndiponso kuti sukulu inandidyera ulemu.

Tinapitirira, kufunafuna munthu woti timupemphe malo. Panalibe nyumba, panalibe mbuzi, ngakhale utsi. Msewu unayamba kukwera phiri, kasingano ka mafuta nako kakutsika, kuzizira kukulowa m'mafupa. Jekete yawo mukuidziwa, yopyapyala ija. Mtima unandithawa, Mayi. Ndinayamba kukonza mawu odzakuuzani galimoto ikatizimira pamenepo, foni yosagwira, ndili ndi nkhalamba yongotuluka kumene m'chipatala.

Pamwamba pa phiri tinapeza bwalo, lole itaima, ndi kanyumba kamodzi kamalata. Malume anatsika, navula chipewa, nayamba kuwomba m'manja pakhomo paja uku akuodira. Ine ndinali nditawerenga kale chikwangwani: chinali chimbudzi cha apaulendo. Ndinayang'ana kasingano kaja, ndipo ndinawasiya apitirize kuodira.

Chitseko chinatseguka, munatuluka dalaivala wa lole uja akumanga lamba. Atapeza mkulu atawerama pamaso pake, nayenso anawerama. Poti sankamva chinenero chathu, ndinamumasulira pempho lathu. Iye anati malowo ndi a aliyense, tigone pomwe tafuna. Malume ananditembenukira ndi diso latsopano lija.

Bamboyo anasuntha lole yake kuti ititchingire mphepo, anatibwereka bulangete, natiuzanso kuti mafuta amagulitsa patsinde pa phiri, njira yake yotsetsereka yokhayokha. Malume anagona mpaka kuliza mkonono. Inenso ndinagona, koyamba kupuma bwino tsiku limenelo. Mdzukulu wanu tinamupeza ali bwino, wangotalika.

Pempho langa ndi limodzi. Akabwera kumeneko adzakuuzani kuti mwini phiri anatilandira pakhomo pake, munthu waulemu ngakhale nyumba yake ndi yaing'ono. Chonde musawatsutse, ndipo kalatayi musawerenge pagulu. Pobwerera akufuna tikasiye mphatso pakhomo pomwepo. Ndikufunafuna msewu wina.

Mundiperekere moni kwa azakhali, alamu anga, mng'ono wanga ndi ana onse. Akazi a malume muwauze kuti amuna awo tsopano akuona bwino, kupatula zikwangwani.

Tsalani bwino, Mayi.

Ine mwana wanu,
Wachisamba