Nkhuku Siilowa mu Foni

Bowe, Dowa

Okondedwa achemwali a Marita,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha Princess chija chinatha? Kuno tilipo. Amayi mwendo uja ukuwavutabe, makamaka m'mawa kukazizira, ndipo kubafa sapita okha. Fodya ali m'chigafa, tayamba kusankha.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati munthu wakale. Pafoni chala changa chimathamanga kuposa mutu, mwaona nokha. Munandichotsa pagulu la banja la WhatsApp lija, ndipo sindikudandaula. Munachita bwino.

Koma zimene munaona pagulupo si zonse.

Mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite atatuluka, ndinaona la Lidia wathu, za uinjiniya. Ndinalumpha, achemwali. Ine amene ndangokhala pakhomo ndi digiri yanga n'kumasankha fodya, ndinati basi, banja lino lasuntha. Ndinaponya nkhaniyo pagulu pomwepo, Lidia ali kudimba, amalume a Nowa osawauza. Eni mbumba anamva za mwana wa mlongo wawo limodzi ndi akamwini ndi adzukulu.

Mawu amene amalume anajambula pagulupo madzulo ake munawamva. Anathokoza Mulungu, kenako anati tisathamange, tikhale pansi timve mwini wake, tionenso za amayi. Ine ndinamva ngati akuti mwana wamkazi asapite kusukulu. Ndinawayankha m'Chingerezi, dala, kuti maganizo otere ndi amene asaukitsa Dowa, ndipo amene analekera sitandade faifi asamaweruze za yunivesite. Ndinaikanso tinkhope toseka tija.

Chimene simukudziwa n'chakuti amalume anapereka foni kwa a Elifala, mkamwini wawo, kuti awamasulire. Anali m'chigafa, aganyu ali pomwepo. A Elifala akuti anayesa kuzembetsa mawu ena, koma amalume anati awerenge zonse monga zalembedwera. Atamaliza, amalume anangofunsa kuti tinkhope timeneti tikuseka ndani.

M'mawa mwake Lidia anandipeza ndikutsuka m'kamwa kuseri kwa nyumba. Anandiuza kuti amene anawatuma amalume kunena mawu aja ndi iyeyo. Akuti nkhani itamupeza kudimba anavina pakati pa kabichi mpaka kuponda mbande, koma pobwerera anakumbukira za amayi, ndipo anakhotera kwa amalume akulira. Kusukulu akufuna kupita ndi mtima wonse. Koma amayi adzawasambitsa ndani? Anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ine, mwana wamwamuna, ndingalowe nawo kubafa ndi digiri yangayo.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze ine. Anati ndikamayankhula ndimakhala ngati ndili pamsonkhano, munthu sapeza polowera.

Achemwali, ndinasowa poyang'ana. Ine ndimalemba pa Facebook tsiku ndi tsiku kuti atsikana aphunzire, anthu n'kumandiyamikira, koma mlongo wanga wogona nyumba imodzi sindinamufunse kuti mtima uli bwanji. Amene anamumvera ndi a sitandade faifi omwewo.

Ndinatumiza uthenga wopepesa kwa amalume, ndi kachithunzi ka manja opemphera. Iwo anangotuma a Elifala kudzandiuza kuti nkhuku siilowa mu foni. Anawonjezera kuti za Lidia iwo asamba m'manja, popeza pabanja pano pali ophunzira oti aweruze. Pagulu paja munaona kuti amalume anatulukapo.

Tsopano Lidia wanenetsa kuti sakwera galimoto ngati amalume sasonkhanitsa banja, kukonza za amayi, ndi kumutsanzika ndi pakamwa pawo. Mukumudziwa, akanena wanena. Tsiku lokayamba sukulu likuyandikira, ndipo akapanda kupita malo aja ataya. Ndikhala nditamutsekera khomo ndi chala changa, ine amene ndinkafuula kuti alitsegule.

Ndiye pempho langa ndi ili. Bwerani, chonde, ngakhale Loweruka ndi Lamulungu lokha. Wolakwa sapita yekha kukapepesa, ndipo inu ndinu mwana woyamba, amalume amakumverani. Tambala ndapeza kale, wofiira uja amayi ankasungira Khirisimasi. Atandipatsa anangoti ndimumange miyendo bwino. Mudzatsogole inu. Ine ndidzakhala pansi, osati pampando, ndipo foni ndidzaisiya kunyumba.

Za amayi ndili ndi maganizo, mwina azakhali a Faines angamabwere m'mawa, ine n'kumatunga madzi ndi kuphika. Taonani, ndayambanso kuweruza. Ndasiya. Zimenezo zikakambidwa pabwalo, ndipo ndikayankhula akandifunsa.

Sindinasinthe maganizo oti kuno zinthu zikuchedwa, ndipo tsiku lina ndidzawauza amalume zimenezo. Koma ndidzawauza m'Chichewa, tili awiri, nditavula chipewa.

Dzulo Lidia anatsuka sutikesi yanu yakale ija n'kuyiyanika padzuwa. Wayiika pansi pa bedi. Sanaikemo kanthu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akuti mubweretse mankhwala opaka aja. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino pamsewu. Pagulu paja musandibwezerepo mpaka amalume atadya nkhukuyo.

Ndine mlongo wanu wamanyazi,
Malizani