Tepi pa Jezi ya Remy

Lachitatu, 11 Juni

Mng'ono wanga Remy wamata tepi kumsana kwa jezi, kubisa dzina lathu la Doucet. Loweruka makochi a m'makoleji akudzaona anyamata a mpira wa besibo. Remy akuti sakufuna kutengedwa chifukwa cha Lucien, mkulu wathu, amene anaponyera mpira koleji ya kuno mpaka kuoneka pa TV. Uchitsiru! Dzina laulere chonchi? Ine ndikanalidyera, kungoti sukulu ndinaitsazika giredi 10. Popanda sikolashipu, Remy koleji aiiwale. Mayi sangathe.

Loweruka, 14 Juni

Ndamukumbatira polowa m'bwalo, ngati mbale wachikondi. Tepi yatsala m'dzanja langa. Iye osadziwa.

Waponya moto mwana uja. Kochi wakale wa Lucien ali kuseri kwa waya, kamakina koyezera liwiro m'manja, kumangogwedeza mutu. Remy atatembenuka, kochi uja wawerenga dzina, kamakina n'kutsitsa. "Doucet winanso? Mkulu wake ndinamusula zaka ziwiri, atapsa n'kundithawira ku timu yaikulu." Basi, wapita kukagula soseji.

M'galimoto Remy nkhope kuwindo ulendo wonse. Bola akananditukwana.

Lachiwiri, 17 Juni

Foni zii. Lucien ali ku Florida, akungoti tileze mtima. Mayi andipakulira msuzi wa gumbo wopanda nyama. Tepi ikadali m'thumba la buluku.

Lachinayi, 19 Juni

Ndajomba kuntchito kwanga kokonza matayala, ulendo kuofesi ya kochi, girisi ali m'zikhadabo. Ndamuuza: "Bwana kochi, kwathu ndife othawa. Lucien anathawa inu, ine ndinathawa masamu, bambo anathawa tonse. Koma kameneka, ka Remy, sikasuntha. Chibwenzi n'chomwechija cha ku pulayimale. Kamagonabe ndi kabulangete kake ka kukhanda, ka tiabakha. Mukakatenga, mudzachita kukathamangitsa ndi tsache."

Sanaseke. Wangofunsa ngati za tiabakha n'zoona. Ndalumbira.

Remy sindinamuuze. Ndimaufuna moyo.

Lolemba, 23 Juni

Kochi waimba! Akufuna Remy akaponyenso Lachisanu, akambe za sikolashipu. Mwana wadumpha mpaka kugunda fani ya kudenga, Mayi misozi. Kenaka kumwetulira kwatha. Akuti kochi watsiriza ndi mawu oti, "Ubwere ndi tiabakha tako."

Watsitsa foni pang'onopang'ono. Wandiyang'ana. Wayang'ana ndodo yomenyera mpira pakona.

Ndadzitsekera kuchipinda. Koma loko wake ndi uja ndinalonjeza chaka chatha kuti ndikonz—