Chitsulo Chowola Sichilira

Gulu: pikapu ya adad
Alimo: Adadi, Achimwene, Sipanala

LACHITATU

07:12 Achimwene: iwe Sipanala, matayala akumbuyo wachotsa ndani
07:12 Achimwene: ndadzuka ndapeza galimoto ili pa zitsa ngati nkhuku yokhalira mazira
07:31 Sipanala: mwadzuka bwnj achimwene
07:31 Achimwene: ndakufunsa funso
07:33 Sipanala: ndinachotsa ine dzulo nditaweruka ku galaja. inu munali ku mpira
07:34 Sipanala: miyezi iwiri galimoto ikuyenda cham'mbali ngati nkhanu, mutu uku matako uko. mumayesa ndi style?
07:35 Achimwene: imafika komwe ikupita
07:38 Sipanala: [chithunzi: sipuling'i yakumanzere, chitsulo chapamwamba chothyoka pakati]
07:38 Sipanala: [chithunzi: chikhatho chodzaza ndi zinyenyeswa za dzimbiri]
07:39 Sipanala: izi ndakokola ndi chala chokha pa hang'ala
07:40 Achimwene: hang'ala ndi yopachikira malaya. zimenezo ndiye ukuzidziwa kkkk
07:42 Sipanala: ndi chitsulo chomwe chimagwira sipuling'i ku chasisi, bwana dalaivala. chikazuka, matayala akumbuyo amapita kwawo inu n'kumapita kwanu
07:43 Sipanala: komanso mabushi, timphira ta kumapeto kwa sipuling'i tija, mulibe. ndapezamo mphira wa patapata. wa blue
07:44 Achimwene: patapata ameneyo wayenda miyezi 8 osadandaula
07:44 Achimwene: iwe tsiku limodzi lokha wayamba kale kulira
07:52 Sipanala: [mawu 0:26] Ndinajambula dzulo, tamverani. Uku ndi kutsogolo kwa chasisi. (ngwee, ngwee) Mwamva kulira kwake? Tsono apa ndi pa hang'ala. (phu, phu) Ngati ukumenya pilo. Chitsulo chamoyo chimalira, chowola chimangoti phu. Si mawu anga amenewo, eni ake ali m'gulu momuno.
07:55 Achimwene: hamala ya adad wakupatsa ndani
07:56 Sipanala: inali pa khoma ikuchita dzimbiri ngati china chilichonse chomwe anakusiyirani
07:58 Achimwene: adad anaphunzitsa ine. iwe ntchito yako inali kugwira tochi
07:58 Achimwene: ndipo unkawawalitsa kumaso
08:01 Sipanala: wogwira tochi ndiye amaona. inu munkangofunsa nthawi kuti mpira uyamba liti
08:03 Achimwene: bweza matayala. loweruka ndikunyamula azimayi a kumsika ndi kabichi wawo. alipo 9. alamu ako ali pomwepo
08:05 Sipanala: ndapeza hang'ala ndi sipuling'i yabwino kwa ogulitsa zophwasula. zifika lolemba. loweruka siyenda
08:05 Achimwene: iyenda
08:06 Sipanala: manati a matayala ali m'chikwama mwanga. tsiku labwino

LACHINAYI

10:20 Achimwene: [chithunzi: munthu wovala magalasi a dzuwa wagona pansi pa pikapu, moto ukuthetheka]
10:20 Achimwene: akatswiri afika
12:47 Sipanala: ameneyo si Magalasi?
12:47 Sipanala: amene anawotcherera geti la adad lija, lomwe timatsegula monyamula anthu awiri?
12:49 Achimwene: geti silinagwepo
12:50 Sipanala: chfkw latsamira mtengo wa mapeyala
12:51 Sipanala: achimwene, sipuling'i sawotcherera. ikalawa moto imafa, imauma ngati bisiketi. bampu yoyamba ithyoka pambali pa pomwe wawotchapo
12:52 Sipanala: ndipo pa hang'alapo akuwotcherera pa chani? ndi kusoka chigamba pa nsalu yowola kumeneko
12:58 Achimwene: [mawu 0:31] Iwe mwana, tamvera. Galimoto iyi ndayamba kuiyendetsa iwe ukadali kumatafuna mapensulo kusukulu. Pepala lako la ku koleji lisakunamize. Magalasi akuti zitsulo zakale ndi zolimba kuposa za masiku ano, dzimbirilo ndi lapamwamba chabe. Akuti akamaliza ikhoza kunyamula ngakhale njovu.
13:00 Sipanala: njovuyo muifunse kaye ngati ili ndi ana
13:01 Sipanala: munthu wowotcherera atavala magalasi a ku ukwati ndiye akuuzeni za chitsulo
13:01 Achimwene: nsanje
15:36 Achimwene: [chithunzi: pansi pa pikapu pakuda bii, penti akunyezimira]
15:36 Achimwene: brand new. unenenso
15:44 Sipanala: mwapaka penti pa dzimbiri
15:44 Sipanala: ngakhale mtembo amaudzoza mafuta achimwene, koma sudzuka
15:46 Achimwene: pakamwa pako mpamene panakulepheretsa banja
15:59 Sipanala: ok
16:00 Sipanala: gogodanipo ndi hamala munditumizire mawu ake. mukatero ndisiya
16:00 Achimwene: ndiwononge penti?
16:22 Sipanala: adad, ndikudziwa mukuwerenga. tanenanipo
16:25 Achimwene: usawavutitse. chidwalire sitiroko dzanja logwira ndi limodzi, ukufuna azilembera za iwe?
16:26 Sipanala: makutu awo sanadwale

LACHISANU

09:14 Achimwene: wamuuza chani mkazi wanga
09:14 Achimwene: [foni yosayankhidwa]
09:15 Achimwene: [foni yosayankhidwa]
10:02 Sipanala: ndinali pansi pa lole. ndawauza alamu zoona, kuti malo omwe amakhala pamwamba pa matumba ali pamwamba pa hang'ala yomweyo
10:04 Achimwene: wandinyozetsa m'nyumba mwanga
10:05 Sipanala: ati bwnj
10:07 Achimwene: akuti kabichi sadikira lolemba. akwera
10:08 Sipanala: akwera chfkw amakukhulupirirani. ndiye chomvetsa chisoni chake
10:09 Sipanala: ndayankhula ndi mnzanga wa kalole ka 2 ton, akhoza kuwanyamula mawa. ingomuimbirani
10:10 Achimwene: kuti msika wonse udziwe kuti galimoto yanga yandikanika? azimayiwo akakwera ina sabwereranso
10:10 Sipanala: akakwera yanu ndiye sabwereranso
14:30 Achimwene: [chithunzi: pikapu yaima pa matayala onse anayi]
14:30 Achimwene: manati ako uphike udye
14:41 Sipanala: mwawatenga kuti
14:42 Achimwene: ndachotsa awiri awiri kutsogolo. nzeru sagula ku koleji
14:43 Sipanala: ndiye pano matayala onse anayi akufuna kuthawa. poyamba anali awiri okha
14:43 Sipanala: mwakwera giredi
14:44 Achimwene: mxm
17:18 Sipanala: [mawu 0:48] Adadi, ndi ine. Nthabwala ndasiya. Munanena kale kuti galaja si malo a mwana wamkazi, ndinamva, sindinakutsutseni, ndinangopita. Sindikupempha kuti munene kuti ndimatha ntchito. Koma mawa pa msewu wotsetsereka wopita kumsika uja kumbuyo kudzakhala anthu naini ndi matumba, ndipo chowagwira ndi penti. Ndikuopa, adadi. Achimwene ine sandimvera, mwina inu. Galimoto ndi yanu.
17:19 Sipanala: adad?
17:50 Achimwene: amvera kale. ayang'ana kukhoma
17:51 Achimwene: safuna zaphokoso. ukanakhala mwana womva ukanadziwa
18:33 Sipanala: adad pls

LOWERUKA

06:02 Achimwene: makiyi ali kuti
06:02 Achimwene: iwe
06:03 Achimwene: [foni yosayankhidwa]
06:04 Achimwene: pa msomali palibe. unabwera liti kuno mfiti iwe
06:06 Sipanala: sindinabwere. ndili kwanga ndikumanga nsapato, ndimati ndidzagone pa geti mundiponde kaye ine
06:06 Sipanala: funsani Magalasi mwina wawawotcherera ku chasisi
06:07 Achimwene: azimayi akundiimbira. ndasanthula nyumba yonse. usasewere nane
06:15 Adadi: [mawu 0:22] (ndodo ikukhwekhwereza pa simenti) (kupuma movutikira) (ngwee, ngwee) (phu) (phu) (pwo)
06:15 Sipanala: adad muli panja? mwatsika bwnj masitepe nokha
06:18 Adadi: [chithunzi chopendekeka: mutu wa hamala walowa wonse m'chitsulo chopaka penti, mpini wokha ukuoneka, pansi pali mulu wa dzimbiri]
06:19 Sipanala: mayo
06:26 Achimwene: adad mwabowola galimoto
06:31 Adadi: dzanja lamanzre
06:33 Adadi: la nkhalamba yodwala
06:34 Adadi: katatu
06:36 Achimwene: Magalasi akhoza kutsekapo, ndi mphindi 20 zokha
06:41 Adadi: imbira wa 2 ton
06:42 Achimwene: nanga makiyi
06:47 Adadi: ali mthumba mwnga. ndipatsa mekaniki
06:47 Achimwene: mekaniki wake uti
06:53 Adadi: ndili naye mmodzi
06:54 Achimwene: adad
06:54 Achimwene: ine si amene munandiphunzitsa?
06:59 Adadi: ndinkayankhula ndi iwe
07:03 Adadi: ankamva ndi wina
07:11 Sipanala: adad khalani pa mpando, musaweramenso. hamalayo isiyeni momwemo ndidzazula ndekha
07:12 Sipanala: wa 2 ton ndamuimbira, akupita kukatenga alamu ndi anzawo
07:20 Achimwene: ndiye ine ndizitani pakhomo pano
07:21 Sipanala: musachoke. tiyamba lero kudula zowolazo, pansipo ndi pamdima
07:21 Sipanala: tochi ili m'kabati ya kukhitchini
07:22 Sipanala: musandiwalitse kumaso