Musadzere pa Dowa

Pamatope,
Kumunsi kwa Boma,
Dowa.
17 Julaye 1924

Okondedwa achimwene a Danieli,

Kalata yanu yochokera ku Halale inatipeza, ndipo mtima unakhala pansi titamva kuti chifuwa chija chinakusiyani. Ife kuno tadzuka, kungoti mphepo ya chaka chino yanyanya. Ana akutsokomola koma akudya. Alamu anu a Nedson akadali pa makina osokera pakhonde la sitolo ya mmwenye, ndipo ine ndikugulitsabe mbatata yootcha ndi mtedza pamsika. Amayi ku Nachisaka anakolola bwino. Atamva kuti mukubwera mvula isanagwe, ndi njinga yomwe, anayamba kuzira nyumba yanu ngati mufika mawa.

Ndikadakonda kalatayi ikadathera pomwepa, achimwene. Koma pali nkhani. Muiwerenge muli nokha, osati pakati pa anzanu a kukomboni.

Dowa amene munamusiya si uyu. Kumunsi kwa Boma kuno kwadzaza tinyumba tothinana, denga kugundana ndi denga, ndipo anthu akukutcha Pamatope. Muli amtengatenga odikira katundu, amayi ofulula mowa, anthu amene anabwera kudzapereka msonkho osabwereranso kwawo, ndi amuna ena ochokera ku nkhondo ya Mjeremani amene anakana kugwiranso khasu. Munthu sudziwa amene wagona kuseri kwa chipupa chako. Chovala ukachiyanika umakhala pomwepo mpaka chiume. Nkhuku timagona nazo m'nyumba. Izi tinazolowera. Chimene sitinachizolowere ndi cha alendo.

Anthu obwera kuchokera ku Halale ndi ku Joni sasowa: nsapato, chipewa, bokosi lachitsulo pamutu. Akangofika pamsika pamatulukira mnyamata waulemu, kuwalonjera, kuwafunsa kwawo, kenako n'kupezeka kuti iyenso kuchimuna kwake n'komweko. Amawasenzera katundu ndi kuwauza za njira yachidule. Mphekesera zinalipo kuti ena safika kwawo. Koma munthu wochokera kutali palibe amene amadziwa tsiku lake lofika, ndiye palibenso amene amanyamuka kukamufuna. Ine ndinkazimva ngati nkhani za pamtondo.

Mwezi wathawu, tsiku lina m'mawa, anafika bambo wina wa kumapiri a Ntchisi, dzina lawo a Isake, mfunda wawo a Phiri, munthu wa imvi pang'ono amene anakhalitsa ku Halale. Amene anabwera nawo pakhomo panga kudzapempha madzi, atawasenzera bokosi, anali Felton. Inde, Felton wathu yemweyu, mzime wa amayi. Mukudziwa kuti anabwera kuno chaka chatha kuti alamu anu amuphunzitse kusoka. Makina anawakana, ndipo anayamba kugona kwa anzake.

"Achemwali, awa ndi a Phiri, akupita kwawo ku Ntchisi," anatero Felton. "Atungireni madzi."

Ndinakondwa. Ndinati mwana uja wayamba ulemu. Ndinawapatsa madzi ndi mbatata. A Isake anatsegula bokosi pang'ono n'kundionetsa nsalu yofiira imene anagulira akazi awo. Anati, "Mayi, kodi yotereyi akazi akuno akuikonda? Ndinawasiya ali mtsikana, kaya ndikawapeza akukonda zotani." Ndinaseka, ndinati akaikonda. Felton sanaseke. Maso ake anali kumsewu.

Dzuwa litapendeka, ine ndi a Rebeka, oyandikana nawo nyumba, tinapita kukatola nkhuni kukhwawa la kumpoto, kumene njira ya ku Ntchisi imatsikira m'nsungwi. A Rebeka ndiwo anayamba kumva kubuula. Tinawapeza a Isake atagona chafufumimba m'mphepete mwa madzi, mutu uli magazi okhaokha, nsagwada itapotoka, atavulidwa nsapato ndi jekete. Bokosi panalibe. A Rebeka anati tithawe, angadzatinamizire ife. Ine ndinakana kuwasiya. Pomaliza a Rebeka ndiwo anathamanga kukaitana a Nedson, ine n'kutsala nditawagwira mutu, ndikuyang'anayang'ana m'nsungwi muja ngati mutuluka munthu. Amuna anabwera n'kuwanyamula pa chitseko mpaka kunyumba kwathu.

A Isake sankatha kulankhula. Tinkawamwetsa phala lamadzimadzi pang'onopang'ono. Msilikali wa Boma anabwera kudzafunsa ngati alipo anaona amene anatsagana nawo. Anthu onse a Pamatope anayang'ana pansi. Atafika pa ine ndinati ndinali otanganidwa ndi mbatata zanga. Si bodza, achimwene, koma si zonse.

Patapita masiku ochepa, masana dzuwa lili paliwombo, alamu anu ali kusitolo, kunamveka odi. Anali a Filipo. Inu simukuwadziwa. Ndi munthu wamtali, wolankhula mofatsa, amene anali kapitawo wa amtengatenga pa nkhondo ija, ndipo aliyense kuno amadziwa kuti anyamata a pamsika amamvera iwo. Ananyamula nkhuku yomanga miyendo. Kumbuyo kwawo kunali Felton.

"Mayi a Lenia, tamva kuti muli ndi matenda," anatero a Filipo akukhala pakhonde. "Tabwera ndi kankhuku aka, muwaphikire msuzi."

"Zikomo."

"Ayamba kulankhula?"

"Ayi."

"Chabwino. Munthu wovulala m'mutu amabwebweta zambiri, mayi. Osamatengera."

Anayang'ana denga lathu, n'kusolola kaudzu kamodzi, n'kukathyola pakati pa zala. "Udzu wauma chaka chino. Ndi mphepo iyi, moto ukangogwira nyumba imodzi, Pamatope ponse patha." Kenako anamusisita Lenia m'mutu, mwana akusewera pamiyendo panga. "Ana anuwa amagona mbali iti?"

Ndinayang'ana Felton. Iye ankakumba pansi ndi chala cha kuphazi. Atapita, nkhukuyo ndinakapereka kwa a Rebeka, chifukwa ine sindikadaimeza.

Madzulo ake ndinawauza a Nedson zonse, za madzi aja ndi za bokosi. Anasiya chakudya. Anati, "Mawa ndikupita ku Boma." Ndinawagwira mkono. Ndinati akapita, Felton akwapulidwa n'kutumizidwa ku ndende ya ku Zomba, ndipo a Isake akamwalira ndiye kuti amupachika ndi chingwe. Iwo anati, "Mlongo wanuyo ndimamukonda, mayi a Lenia. Koma munthu wafunsa kumene ana anga amagona." Ndinapempha kuti tidikire wodwalayo alankhule yekha. Anavomera, koma kuyambira tsiku limenelo sitinayang'anane bwino m'nyumba muno. Ana tinawapititsa kukagona kwa mng'ono wawo wa a Rebeka, pafupi ndi tchalitchi, ndipo mitsuko yonse tinkaisiya yodzaza pakhomo.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa, a Isake anandikodola ndi dzanja. Mawu ankatulukira mbali imodzi ya kamwa, koma ndinawamva.

"Mayi, mnyamata uja ndi mlongo wanu?"

Ndinati inde.

"Iye sanandimenye. Anandifikitsa pansungwi paja, n'kutuluka anthu atatu. Iye anatembenuka n'kumayang'ana kumadzi. Wamtali uja atanyamula mwala kuti anditsirize, mnyamatayo anati, 'Wafa kale uyu, tiyeni kusanabwere anthu.' Ankadziwa kuti ndikupuma. Maso athu anakumana."

Ndinayamba kulira, ndikuthokoza Mulungu. Iwo anandigwira dzanja kuti ndikhale chete.

"Koma ndi iyeyo anandifikitsa pamenepo, mayi. Ndinamupatsa fodya wanga panjira, akunditcha amalume."

Uthenga unali utafika ku Ntchisi, ndipo akazi awo a Manesi anabwera ndi alongo awo atanyamula machira. Mayiyo anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana munthu wotupa nkhope ali pamphasa. Kenako anafunsa, "Ndi inu?" A Isake anangogwedeza mutu. A Manesi anakhala pansi n'kuyamba kuwasisita mapazi, osalira. Ine ndinatuluka panja.

Alongo a mayiyo sanadikire. Anatengana ndi a Nedson mpaka ku Boma, atanyamula wodwalayo pa machira, ndipo a Isake ananena zonse monga anandiuzira ine, osachotsa, osawonjezera. A Filipo anagwidwa tsiku lomwelo ali pamowa. Anzawo awiri anathawira m'mapiri, ndipo akadali komweko. Anthu otola nkhuni akuti amaona utsi wawo. Felton nayenso akufunidwa. Pamsika pano ife amayi tinapangana: mlendo aliyense akangotsitsa katundu timamuitana, "Bambo, khalani apa, musapitirire nokha, dikirani ulendo wa amtengatenga." Ena amatiyesa amisala, ena amamvera. Koma usiku uliwonse mphepo ikawomba padenga, ine tulo timatha.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera.

Dzana ndinapita kuchitsime masana, nthawi imene kumakhala kopanda anthu. Ndikuwerama kuti nditunge ndinamva mawu m'mabango.

"Achemwali, musakuwe."

Anali Felton, ataonda, miyendo ili yong'ambikang'ambika ndi minga.

"Ukufuna chiyani?"

"Alembereni achimwene. Asadzere pa Dowa."

"Chifukwa chiyani?"

"Awiri aja akuwadikira. Akudziwa za njinga. Akudziwa kuti ndi a Mbewe a ku Nachisaka, akudziwa dzina la amayi, ngakhale chipsera cha pachibwano chija. Akuti akalanda njingayo ndiye athawira nayo kutali."

"Adziwa bwanji zonsezo?"

Anayang'ana kumadzi. Ndinafunsanso.

"Tsiku limene munatiwerengera kalata ndinakondwa, achemwali. Ndinakanena pamowa. Ndinkangonyada kuti mkulu wanga akubwera ndi njinga. Ndiye a Filipo anayamba kundifunsa, ine n'kumayankha. Pomaliza anati, ameneyo udzamulandire ndiwe."

"Ndipo iwe unavomera?"

"Sindinakane."

Achimwene, mwana uja ndinamubereka kumsana ine amayi ali kumunda. Sindinamumenyepo chibadwire. Koma dzana ndinamumenya khofi, kenako lina, iye osaphimba nkhope. Nditatopa anati, "Ndipatseniko madzi." Ndinamupatsa. Anamwa ngati ng'ombe. Anati akupita kumwera wapansi, njira ya ku Dedza ndi ku Tete, chifukwa awiri aja akangodziwa kuti wandiuza amupha. Ndinamupatsa mbatata zimene ndinamanga m'nsalu. Sanatsanzike. Anangolowa m'mabango.

Ndiye mverani mawu anga, ngakhale ndine wamng'ono kwa inu. Mukafika ku Lilongwe, njinga ndi bokosi musiye kwa msuweni wathu Stefano, uja akuphika kwa mzungu wa fodya. Alamu anu ndi amuna a kutchalitchi adzakatenga pambuyo, ali gulu. Nsapato ndi chipewa muike m'bokosi momwemo. Muvale zakale zong'ambika, ngati munthu amene Halale inamukana. Ndikudziwa kuti munkafuna kulowa m'mudzi belu likulira, ana akuthamangira pambuyo. Zimenezo zidzachitika tsiku lina. Muyende ndi amtengatenga, mudzere ku Chezi, n'kukwera mpaka ku Nachisaka, Boma osaliona n'komwe. Musagone pa nyumba ya munthu amene wakuitanani yekha. Wina akakuitanani ndi mfunda wanu panjira, musacheuke, ngakhale atatchula dzina la amayi. Ndipo musatilemberenso tsiku lonyamuka. Tidzangokuonani.

Chinanso ndi ichi. Njira imene Felton watenga ndi yomweyo inu mudzabwerere. Mwina mudzapambana osaonana, mwina adzakupezani musananyamuke. Sindikukuuzani chochita, inu ndinu wamkulu, ndipo ndi inu amene anakuperekani. Ine ndangokuuzani zonse monga a Isake anandiuzira. Kungoti alibe chofunda, ndipo akutsokomola.

Alamu anu a Nedson akupereka moni. Akuti musawade chifukwa chopita ku Boma, ndipo inenso ndasiya kuwada. Lenia akuti mudzamukweze patsogolo, osati kumbuyo. A Rebeka akupereka moni ngakhale simunaonanepo. Kuchokera ku Ntchisi tamva kuti a Isake ayamba kutafuna, ndipo akuyenda mpaka kumunda.

Amayi sadziwa kanthu. Atabwera kudzationa ndinawauza kuti Felton wapita kukafuna ntchito ku Halale, kukutsatirani inu. Anaomba m'manja, n'kunena kuti, "Zakhala bwino, akamusunga mkulu wake." Mukadzafika mudzanene zomwezo, chonde, mpaka tidzapeze mawu ena. Anandituma kuti ndilembe moni wa ana awo onse awiri m'kalata imodzi, popeza muli pamodzi. Ndiye ndalemba. Wanu landirani. Winayo musunge, ndipo mukadzakumana ndi mwini wake panjira mudzaona nokha ngati mungathe kumupatsa.

Mulungu akuyendetseni, ndipo kalatayi ikupezeni musananyamuke.

Ndine mlongo wanu,
Debora