Manja a Agogo Ephraim

Lolemba, 2 Malichi 1998

Mvula kuyambira m'mawa. Denga la kukhitchini likudonthanso. Mwana wanga Bethany wabwera madzulo, mimba yayamba kuoneka. Akuti akadzabadwa wamwamuna adzamutcha Ephraim, dzina lozokotedwa kuseri kwa kabati yathu ya pabalaza: Ephraim Pilling, Lancaster. "Koma Amayi, anali munthu wotani? Ndisadzapatse mwana dzina la mbava." Taseka. Chimene ndikudziwa n'choti anali agogo a bambo anga, mmisiri wa makabati, ndipo kwathu dzina lawo silinkatchulidwa. Ndalonjeza kufufuza. Kantchito kosangalatsa ka Loweruka.

Loweruka, 7 Malichi

Ku Kendal, kwa azakhali a Doreen, alongo awo a bambo. Tiyi wozizira, mabisiketi ofewa. Nditangotchula dzinalo nkhope yasintha. Akuti anali mmisiri woti olemera a m'tauni ankachita kuwalimbirana. Kenako mowa. Ankayenda chodzandira ngakhale m'mawa, ana a mumsewu n'kumawatsatira pambuyo akuwatsanzira. Anafera kuchipatala cha amisala. Mwana wawo Wilfred, agogo anga, anamira ndi sitima nthawi ya nkhondo asanakalambe.

Ndafunsa ngati panali ana ena. Analipo wamkazi, Edna, anakwatiwa ku Morecambe. "Za ku Morecambe uzisiye, mwana wanga." Basi. Ayatsa wailesi yakanema ine ndili pomwepo.

Lachitatu, 11 Malichi

Ndapempha kuweruka msanga kuntchito. Kutchalitchi chaching'ono chimene agogo Ephraim ankapemphera kuli kabati ina ya mabuku a nyimbo, ntchito ya manja awo. Wondionetsa ndi mkulu wina wokalamba kwambiri, a Fothergill. Bambo awo anaphunzira umisiri kwa agogowo. Madilowa a pansi osalala, kutseguka ndi chala chimodzi. A pamwamba opotoka, zipsera za tchizulo paliponse. Akuti ameneyo ndiye anali katundu wawo womaliza.

Ndanena za mowa. A Fothergill apukusa mutu. Akuti munthuyo mowa sanaulawepo moyo wake wonse, mpingo wonse unkadziwa. "Ndi manja, mayi. Manja ankavina okha. Bambo anga ankawamanga mkono kubenchi ndi lamba kuti athe kusema."

Ndatuluka panja kukapuma mpweya. Bambo anga pa tebulo, phazi likugogoda pansi osaleka, makapu kusweka sabata ndi sabata. Amayi ankati ndi mowa. Anagwa pa makwerero ali ndi zaka 47, tinawaika tikunena kuti ngozi. Ndiyenso achimwene anga a Colin. Anawachotsa ntchito yoyendetsa basi chaka chatha, okwera ankadandaula kuti dalaivala waledzera.

Amuna anga a Desmond sindinawauze. Ndangoti kabati ndi yokongola.

Lamlungu, 15 Malichi

Ku Morecambe. Ndinapeza mdzukulu wa Edna m'buku la manambala a foni, dzina lake Mavis Threlfall. Wotsegula chitseko ndi amuna ake, a Stan, atavala epuloni. Mavis pa mpando waukulu womangidwa mapilo mbali zonse. Amandiposa zaka zochepa chabe. Mapewa, khosi, miyendo, zonse zikungopindika osapuma, ngati munthu wolumidwa ndi linthumbu m'zovala. Wamwetulira atamva kuti ndine wa kwa Pilling. Wayesa kunena kanthu, sindinamve. A Stan amudyetsa phala ndi kasupuni, theka lathera pa chibwano.

Kukhitchini andiuza dzina lake: nthenda ya Huntington. Amayi ake a Mavis anafa nayo, Edna nayenso. Ya m'magazi. Kholo likakhala nayo, mwana aliyense mwina atengera mwina ayi, ngati kuponya khobidi m'mwamba. Imayamba munthu atakula kale, atabereka kale. Mankhwala ochiza palibe.

Nthawi yonseyi maso a a Stan ali pa manja anga. Ndawabisa m'thumba la chikhoti.



Lolemba, 16 Malichi

Ndagwetsa supuni. Supuni chabe. Ndakhala pansi pa khitchini osatha kudzuka. Zaka zanga 43. Ndatambasula zala padzuwa kuziyang'ana, zikunjenjemera, koma ndani zala zake sizinjenjemera akaziyang'anitsitsa?

A Desmond andipeza pomwepo. Ndawauza zonse. Akhala nane pansipo ndi zovala za kuntchito. Akuti kugwetsa zinthu ndinayamba tsiku la ukwati, pomwe ndinagwetsa mpeni wodulira keke. Sindinaseke. Kenako afunsa za Bethany.

Lachinayi, 19 Malichi

Bethany waimba foni, akufunsa ngati ndapeza kanthu. Ndati anali mmisiri wabwino, wopemphera. Wasangalala. Mwana wayamba kugunda, akuti ngati kansomba. Ndati mphika ukupsa, ndadula foni. Pa mbaula panalibe mphika.

Lamlungu, 29 Malichi

Kwa achimwene. Nyumba yosasesa chichokereni alamu anga. Ndevu zometa mwa zigambazigamba, mabala a lezala pakhosi. Kale ndinkangoona uve. Lero ndaona mapewa, ndaona phazi. Mavis yemwe uja.

Ndinaganiza kuti akalipa, poti masiku ano sachedwa kupsa mtima. Ayi. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako agwira kumaso. Kulira kwenikweni. "Ndiye kuti sindine chidakwa, Glenys." Akuti anasiya mowa kalekale pofuna kuona ngati kudzandirako kuthe, koma palibe amene ankawakhulupirira. Aphika tiyi mokondwa ngati ndabwera ndi uthenga wabwino. Theka lathera mu sosala.

Ali ndi anyamata awiri, onse akugwira ntchito ku Leeds. Za iwo sitinakambe.

Lachisanu, 3 Epulo

Adokotala awaona achimwene. Akuti adikira zotsatira za magazi, koma mmene anenera, palibe chokayikitsa.

Ndaimbira azakhali ndili wokwiya. Ankadziwa. Amayi awo anawanong'oneza ali mtsikana, n'chifukwa chake sanakwatiwe. Akuti anakhala moyo wonse akuyang'ana manja awo, atafika zaka 60 ndi pamene anayamba kugona tulo. Ndafunsa chifukwa chimene sanatiuzire. "Ndinkafuna kuti wina m'banja muno akhale ndi moyo wosaopa." Ndikanawatukwana, koma mawu awo anali a munthu wotopa.

Lamlungu, 12 Epulo

Pasaka. Nyama ya nkhosa yapserera, palibe wadandaula. Ndamuuza Bethany tikutsuka mbale, poti pamenepo sitiyang'anana kumaso. Sanalire. Wapukuta mbale imodzi nthawi yaitali. Dzanja lina pa mimba.

Kenako: "Amayi, mukayezetse. Ngati inu mulibe, ine ndilibe, mwanayunso alibe."

Akunena zoona. Koma ine sindikufuna kudziwa. Ndikufuna kudzuka m'mawa ndili ndi mwina. Ndikapanda kupita, akuti apita yekha, ndipo akamupeza nayo ndiye kuti wandiyezera ine ndemwe. Wanena mosakweza mawu. Wachoka osadya keke.

Lachiwiri, 14 Epulo

Sakuyankha foni. Mwamuna wake akuti wagona. Masana onse?

Kuntchito ndaiwala dzina la mayi amene ndakhala naye ofesi imodzi zaka zambiri. Labwera patapita kanthawi. Sheila. Ndakalitchula mobwereza kuchimbudzi ngati mwana wa sukulu.

Lolemba, 20 Epulo

Ndalembetsa zokayezetsa magazi. Ndamuuza Bethany pa khomo pake, wandikumbatira mpaka mimba kundikankha. Sindinachite chifukwa cholimba mtima. Kungoti kusandiyankha foni kuja sindikanakupirira.

Lachitatu, 20 Meyi

Satenga magazi tsiku lomwelo. Amayamba akukhazika pansi kangapo, kukufunsa ngati uli ndi wokusamalira, ngati unaganizapo zodzipweteka. Mayi wofunsayo ndi waulemu, bokosi la timapepala topukutira misozi lili kale pa tebulo. Wandifunsa chimene ndidzachite akadzandipeza nayo. Ndati ndidzakonzetsa denga la kukhitchini. Sindikudziwa chifukwa chake ndanena zimenezo.

A Desmond ayamba kundilanda ketulo m'manja. Akuganiza kuti sindikuona.

Lachinayi, 11 Juni

Magazi atenga. Kabotolo kakang'ono zedi.

Achimwene atsamwa ndi buledi dzulo, mpaka nkhope kuda. Woyandikana nawo nyumba ndiye anawamenya kumsana. Achimwene akuti nkhaniyi ndisauze anyamata awo. Andipempha chinthu chimodzi: zotsatira zikadzatuluka, ndikatha kuuza Bethany, ndidzabwere ndekha, osati pa foni.

Lamlungu, 28 Juni

Sindikutha kulemba. Ndikayang'ana zilembo zanga ndikumaona ngati zapendekeka.

Lachisanu, 10 Julayi

Ndilibe.

Mayi uja wanena tisanakhale n'komwe pansi. A Desmond agwada pakati pa ofesi ya eni ake, bambo wamkulu ndithu. Bethany pa foni wangofuula, kenako kulira, kenako akuti akufuna tchipisi. Ine mumtima muli zii. Ndadikira chimwemwe mumsewu monse, sichinabwere.

Kwa achimwene ndakhala m'galimoto nthawi yaitali. Ndilowe bwanji ndi nkhope ya munthu wopulumuka? Tinakulira chipinda chimodzi, bambo mmodzi. Anali pa windo akundiona. Atsegula chitseko, andiyang'ana kamodzi, adziwa. Ayesa kuwomba m'manja, manja aphonyana.

"Chabwino, mlongo. Poti manja abwino m'banja muno ndi ako, undimete ndevu."

Ndawakhazika pa mpando wa kukhitchini, thaulo pakhosi, sopo. Mutu sukukhazikika, ndaugwira ndi mkono ngati wa mwana. Koma amene akunjenjemera kwambiri ndine. Ndawacheka pa chibwano, magazi mpaka pa kolala. Ayang'ana thaulo, ayang'ana ine. "Iwe Glenys, adokotala akowo anayeza bwinobwino?"

Taseka mpaka ine kukhala pansi. Pamenepo ndi pomwe ndalira.

Ndikupukuta lezala andigwira mkono. Anyamata awo akubwera mawa pa sitima ya masana, wamkuluyo ndi chibwenzi chake, akuti ali ndi nkhani yabwino yoti atiuze. Za nthendayi sakudziwa kanthu. Achimwene akuti lilime lawo limalemera akachita mantha, ndiye woyamba kulankhula ndikhale ine.