Mtima wa Mphezi

Lachitatu, 12 Juni 1991

Kukhola la akavalo tinalipo atatu: Bwana, ine Sixpence, ndi mkamwini wanga Faustino, mwamuna wa Luiza. Bwana anena kuti Loweruka Faustino akwera Mphezi pa mpikisano wa mtunda wautali ku Mutorashanga. Akamaliza isanakwane folo koloko, khola likhalapo, nafenso tikhalabe m'nyumba ya njerwa. Akalephera, akavalo agulitsidwa, ife tipita kufodya ndi kukomboni. Pa msinkhu wangawu sindibwerera kukomboni.

Lachinayi, 13 Juni

Mphezi wamenya Faustino m'nthiti ndi mwendo wakumbuyo. Ndawamanga ndi bandeji ya miyendo ya kavalo. Luiza akuti, "Ababa, auzeni Bwana." Ndamuuza kuti za kukhola si za akazi.

Loweruka, 15 Juni

Lamulo la mpikisano ndi ili. Pa malo opumira dokotala wa ziweto amamvetsera mtima wa kavalo. Ukatsika kagundidwe, kavalo apume theka la ola, afune asafune mwini wake. Usanatsike, kupumako sikuyamba. Koma wotchi ya mpikisano siyima. Wokwera palibe womupima.

Pa malo oyamba zinayenda bwino. Pa achiwiri anafika mochedwa, dzuwa litapendeka, mtima wa Mphezi ukugunda kwambiri. Ndinamuthira madzi pakhosi ndi m'miyendo. Faustino anatambasulira dzanja ku ndowa. Ndinati adikire. Mtima unatsika madzi atatha.

Dokotala anafuna kuona mayendedwe a kavalo. Bondo langa silithamanga, choncho anathamanga naye ndi Faustino. Pobwera anatsokomola, magazi pamkono wa malaya. Ndinapukuta ndi siponji ya kavalo azungu asanaone.

Theka la ola litatha anati, "Apongozi, ndikhaleko pang'ono. Mpweya ukukana."

Ndinati, "Lamulo likuti kavalo apume, ndipo wapuma. Kwerani."

Yesaya, wosamala akavalo a kupurazi, famu ya ku Selous, anaseka. "Mdhara, mwana wa eni ake uyu! Kapena mwatopa naye mkamwini?" Ndinagwira Faustino phazi n'kuwakweza.

Anamaliza nthawi isanathe. Dokotala anati kavalo ali bwino. Faustino sanatsike okha, tinachita kuwatsitsa.

Lamulungu, 16 Juni

Lole ya papurazi yawatengera kuchipatala ku Chinhoyi. Mphezi wadya bwino.

Lachiwiri, 18 Juni

Luiza wabwera kuchipatala. Akuti nthiti inaboola phapo. Moyo ulipo, koma Faustino sadzakweranso kavalo. Wandiikira chakudya pakhomo, osagwada. Amayi ake akanakhala moyo sakanachita mwano wotere.

Lachitatu, 19 Juni

Bwana akondwa. Khola likhalapo, ndipo mu Ogasiti kuli mpikisano wina. Wokwera watsopano ndi Januario wa ku Banket, afika Lachisanu ndi mkazi wake. Bwana akuti nyumba ya njerwa ndi ya anthu a kukhola basi, zipinda zake ndi ziwiri, ndigawe ndekha.

Luiza anali pakhomo, anamva. Anati, "Ababa, munthu wathyoka nthiti uja akatuluka agona kuti?"

Ndayankhula ndi foromani. Kukomboni kuli kanyumba kaudzu kopanda munthu. Luiza atulutse katundu wake ndi ana mawa. Chipinda chisesedwe Januario asanafike.