Amayi Zenovia, kodi munalipeza zenera?

Zenovia Prisacaru, 1949 – 2018

Zaka zisanu ndi ziwiri zakwana, amayi, chitisiyireni inu. Kutchalitchi tachita mwambo wake, makandulo tayatsa, tirigu wowiritsa tagawira anthu pakhomo. Koma pali nkhani ina imene sitikanaikamba pamaso pa wansembe, ndiye tati tiikambe pano, pansi pa chithunzi chanu. Taonani mmene mwaimira kuseri kwa nyumba ya kumudzi, pafupi ndi chitsime, chitsamba cha leuștean chitakupitirirani msinkhu. Tonse tinakulira pa fungo la masamba amenewo, koma palibe ndi mmodzi yemwe anakufunsani kuti chimamera bwanji. Tinkangoyesa kuti chimadzimerera chokha ngati udzu wa m'mbali mwa msewu.

Munkathyola masambawo ndi zala, mpeni ayi. Munkawaponya mumphika moto utazima kale, n'kuvundikira, ndipo wovundukula msanga ankalawa chikombe pamsana. Munkati msuzi wowawasa wopanda leuștean ndi madzi otsukira mbale. Likafika tsiku la Ispas, tsiku limene Ambuye anakwera kumwamba, munkapachika masambawo m'mazenera onse, otsala n'kutikwapula nawo m'miyendo mukufa ndi kuseka, kuti zoipa zitilambalale. Munkatiuza kuti akufa amene anabwera kudzacheza nthawi ya Pasaka amabwerera kwawo tsiku limenelo, koma amayamba adutsa pakhomo kudzatsanzika, ndipo nyumba yawo amaizindikira ndi fungo. Bambo, amuna anu a Gherasim, ankapukusa mutu. Munthu woti moyo wake wonse wathera m'mainjini a sitima ankati fungo lokhalo limene amalikhulupirira ndi la mafuta oyaka.

Ndiye mverani zimene achita bambo omwewo.

Mukudziwa kuti anakhala okha kumudzi zaka zisanu, mpaka pamene anaterereka pa madzi oundana n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Mwana wanu Otilia anawatengera kwake mumzinda wa Iași, m'nyumba zosanjikizana zija, pamwamba penipeni, ndipo nyumba ya kumudzi tinagulitsa kwa a Ursache, banja lochokera kutali. Ispas woyamba wa m'tauni, Otilia anagula kamtolo ka leuștean kumsika kuti apachike pazenera. Bambo anakanunkhiza, n'kukabweza, amvekere si wanu uyu. Tsiku lonselo sanadye. Madzulo ndi pamene anayankhula, maso ali pansi.

"Amayi ako apita kumudzi, apeza anthu achilendo. Nanga adziwa bwanji kuti ine ndili kuno?"

Tinawauza kuti akufa sasochera. Wansembe nayenso anawauza chimodzimodzi. Iwo ankangovomera ndi mutu ngati munthu womvera nyimbo ya eni. Anati chaka chimenecho munali mutawaphonya kale, ndipo mukadzawaphonyanso pa chaka chachisanu ndi chiwiri, mwina mudzatopa n'kusiya kuwafunafuna. Kuyambira tsiku limenelo, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, woti sanagwirepo khasu ngakhale lokumbira anyezi, anakhala mlimi wa pakhonde.

Anayamba ndi njere zimene tinapeza m'botolo lanu pakati pa katundu. Anazifesa m'mizere yowongoka bwino, kuthirira m'mawa, masana, madzulo, ngati akuziziritsa injini. Mwezi unatha, zii. Kenako tinamva kuti njere za leuștean zikagonera zaka zimafa mphamvu. Nanga inu munkazisungiranji, amayi? Kapena munkangozikonda kuziona?

Masamba a mitengo atayamba kuyoyoka, anapita kumudzi kukapempha muzu kwa a Ursache. Anavala jekete la kutchalitchi, botolo la kachasu wa zipatso m'manja, ndipo atalandira muzuwo anathokoza mpaka eniake anachita manyazi. Kunyumba anaupanikiza m'kamphika ka maluwa. Unaphukadi timasamba, bambo n'kumayenda chifuwa chili patsogolo. Chisanu chitalowa masamba anachita chikasu, anafota, anatheratu, kutsala dothi lokha. Iwo anati wafa. Anatsika nawo okha masitepe onse aja ndi ndodo yawo, n'kukautaya kudzala.

Pa Khirisimasi kunabwera mng'ono wanu Aglaia, amene mpaka lero amakulirani akamva nyimbo ya maliro ngakhale pa wailesi. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, inu munathokoza? Koma ndiye mwakalamba chabe. Chomera chothokozedwa sichigwira. Leuștean amachita kuba."

Ndipo anaulula, pamaso pa adzukulu anu, kuti chitsamba chili pachithunzichi inu munachikumba m'dimba la mkazi wa wansembe wakale, mutangokwatiwa kumene, iye akukulonderani pampanda. Amayi! Inu amene munatibweza kukabwezera mtedza umodzi wa kwa aneba? N'zoona zimenezi? Tafunsa Aglaia kawiri konse, salumbira koma sasinthanso mawu.

Chovuta n'chakuti sabata yomweyo mayi wina wogulitsa ndiwo kumsika anauza Otilia kuti leuștean safa m'chisanu, amangogona pansi pa dothi, n'kudzuka kukayamba kufunda. Ndiye mpaka lero sitikudziwa: kodi bambo anaupha muzu uja ndi zikomo wawo, kapena anautaya uli moyo? Inu mukanatiyankha ndi mawu amodzi, mukupukuta manja pa epuloni. Bambo sanafune kusankha. Anati zonse ziwiri azitsatira.

Chipale chofewa chitasungunuka bambo anakwera basi ndi Otilia, fosholo itakulungidwa m'thumba. Analetsa kuimbira foni a Ursache, ati kuba kopempha si kuba. Anazungulira kuseri, pa thabwa logwedera la mpanda limene munawauza zaka ndi zaka kuti akhome, n'kulowa m'dimba lawo lomwe ngati mbava, dzuwa likuswa mtengo. Chitsamba chanu chinali chitangotulutsa timphukira tofiirira. Anakumba, anakumba, muzu osatha, wonenepa ngati mkono wa munthu. Thukuta lili kamukamu anaponda fosholo pakati penipeni, chitsa n'kugawika pawiri.

A Ursache anali pazenera nthawi yonseyi. Otilia anawaona. Mwini nyumbayo anayang'ana kwa kanthawi, kenako anatuluka pakhonde, n'kuyamba kutukwana. Anatukwana mbava za masiku ano, anatukwana nkhalamba zopanda manyazi, anaopseza kuti amasula galu. Koma galuyo sanamumasule, ndipo ankatsika masitepe a khonde mwapang'onopang'ono ngati mapazi awo ali ndi zilonda. Bambo atafika pa thabwa lija anatembenuka, navula chipewa, pakamwa patatseguka kale kuti athokoze. Otilia anawatseka kamwa ndi dzanja lamatope n'kuwakankhira kunja. M'basi, thumba lili pamiyendo, bambo anayamba kuseka, kenako misozi.

Ulendo uno anaubzala m'chidebe chachikulu cha penti, chobooledwa pansi, m'dothi losakaniza ndi manyowa, pakona pamene dzuwa la masana silifika. Aphunzira kupisa chala m'dothi asanathirire. Unagwira, amayi. Pofika Ispas unali utafika m'mawondo. Ndipo mafunso achuluka kuposa masamba. Kodi phesi la maluwa likatuluka munkalidula? Tizilombo takuda tija munkatitani? N'chifukwa chiyani wanu unkanunkhira mpaka kumsewu, pamene uyu umachita kuuweramira? Mwana wanu Sorin, amene chithunzi chanu sichichoka m'galimoto yake, amafufuza mayankho pa foni, koma bambo amati foni sinadyepo msuzi wanu.

Kusanunkhira patali kumeneko ndi kumene kunawasowetsa mtendere. Anati nyumbayi ndi yaitali, mazenera ndi ofanana onse, ndipo fungo la masamba ochepa chotero silingatsike mpaka pansi. Ndiye m'mawa wa Ispas anapachika nthambi ziwiri pazenera n'kulitsegula, masamba otsala anawaika m'thumba la jekete, natsika mpaka pachitseko cha kumsewu. Anayamba kutikita tsamba pa chogwirira chitseko. Kenako pa chitsulo chogwirira pokwera masitepe, nsanja ndi nsanja, kupuma pang'ono, kutikitanso, mpaka pakhomo pathu. Zala zinasanduka zobiriwira. Mayi wa m'nyumba yapansi anatuluka akudandaula kuti ndani watayira msuzi m'masitepe. Otilia anamunong'oneza chifukwa chake. Mayiyo anakatenga njerwa n'kutchinga chitseko cha kumsewu kuti chikhale chotsegula.

Bambo anakhala pafupi ndi zenera tsiku lonse, atavala malaya oyera. Ife tinkayenda monyang'ama. Kunja kutayamba kuzizira, Otilia anapita kukatseka zenera, n'kuwafunsa ngati munabwera.

"Sindikudziwa, mwanangu. Koma ngati asochera chaka chino, mlandu si wanga." Anamugwira dzanja lisanafike pazenerapo. "Lisiye kaye. Amayi ako sanafikepo pa nthawi yake kulikonse."

Zeneralo silinatsekedwe mpaka lero, amayi. Mukamva fungo lanu, kwerani masitepe. Ife tilipo, ndipo kukuiwalani sitidziwa ndi poyambira pomwe.